MBIRI YA ZAKUDYA NDI MANKHWALA A AMAI APAKATI KUNO KU BLANTYRE

Masiku ano munthu akayenda mumsika wa Limbe, kapena m'miseu ya m'tsinde mwa phiri la Soche, ku Zingwangwa ndi ku Chilobwe, apeza anthu ambiri ogulitsa ufa wa masamba, mizu, makungwa ndi madzi a m'mabotolo. Iwo anena kuti mankhwala ao ali a cilengedwe, osapweteka munthu, ndi kuti ayenera ngakhale mai wapakati. Tsono m'midzi ndi m'mipingo yathu mwauka kutsutsana. Ena ati, Tibwerere ku za makolo, pakuti iwo anabala ana ambiri osadziwa cipatala. Ena ati, Iai, za makolo zonse nzacabe, titsate dotolo yekha. Mlandu uwu suli waung'ono ai, cifukwa pakati pa mau awiriwo paima mkazi amene asenza moyo wa anthu awiri, ndipo iye ayenera kusankha lero cimene adzadya ndi cimene adzamwa. Ife tiyesa kuti mlandu wotere suweruzika bwino popanda kufunsa mbiri. Cotero tifuna kulondola mapazi a nkhani iyi kuyambira masiku a Amang'anja akale kufikira masiku athu ano.

ZAKUDYA ZA MAKOLO

Pamene David Livingstone anakwera ku mapiri ano m'caka ca 1859, anapeza dziko lodzala ndi midzi ndi minda. Anthu analima mapira, mawere, cimanga, nyemba, mtedza, maungu, mbatata ndi thonje, nasula makasu ao okha. Mkazi wapakati wa masiku amenewo, ngati kunalibe nkhondo kapena cilala, anadya zamitundumitundu. M'dzinja anachera bonongwe, luni, cisoso, denje ndi nkhwani, nazitendera ndi nsinjiro. Anafutsa masamba ena, nawasunga m'zikwatu kuti akhale ndiwo za m'malimwe. Anali nazo khobwe, nzama ndi nandolo. Ana anamtengera ngumbi, mphalabungu ndi mbewa. Matemba ouma anacokera ku nyanja ya Chilwa. Ndipo m'thengo munali masuku, bwemba ndi malambe osagula. Pomva ludzu anamwa thobwa la cimera ca mawere, limene lipatsa mphamvu ndi kuthetsa njala.

Koma pano tizindikire cinthu cimodzi cimene ambiri aciiwala. Zakudya zambiri zimene lero tizichula zamakolo zinali zacilendo poyamba. Cimanga, cinangwa, mbatata, mtedza, matimati, mapapaya ndi magwafa zinacokera ku America, ndipo zinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi citapita caka ca 1500. Mango anacokera ku India, ndi mtengo wa cam'mwamba comweco. Potero tiona kuti makolo athu sanali anthu okana cinthu cifukwa ca kukhala catsopano ai. Iwo analandira mbeu ya mlendo, naibzala, naiyesa. Ikawakomera anaisunga, ikawapweteka anaitaya. Munthu amene afuna kutsata makolo ayambe watsata mtima umenewo wa kuyesa zinthu.

CISAMALIRO CA M'MUDZI

Cinthu cina cimene akale anacidziwa bwino ndi ici, cakuti mkazi wapakati sali thupi lokha, koma ali nao mtima umene uopa ndi kufuna citonthozo. Pa mwambo wa cikamwini mkazi anakhala pakati pa abale ace. Amace, agogo ace ndi akuru ace anali pafupi usana ndi usiku. Mtsikana akakhala ndi pakati poyamba, anamkungwi anasonkhana kumlangiza. Acewa auchula mwambo uwu cisamba, ndipo Ayao, amene anadza kukhala ku mapiri ano m'zaka za m'ma 1860, auchula litiwo. Pamenepo anamuuza za kusunga thupi, za zizindikiro za nthawi yace, ndi za kulimba mtima. Atabala anakhala m'cikuta masiku angapo kufikira mcombo wa mwana utagwa. Sanasinje, sanatunge madzi, sanatole nkhuni. Anzace anamthowa ndi madzi otentha, namphikira phala. Mwana anayamwa zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo mwambo unaletsa kutumbiza msanga, kotero kuti thupi la mai linapeza mpata wa kubwezera mphamvu. Izi zonse zinali nzeru zenizeni, ndipo madotolo a lero azibvomereza, pakuti iwonso alangiza kuti papite miyezi 24 mkazi asanatenge pathupi pena.

Komatu mbiri yoona sibisa manda. Iwo amene anena kuti kale akazi anabala popanda bvuto awerenga okhawo amene anapulumuka, pakuti amene anatsikira kuli cete m'cikuta palibe anawalemba m'buku. M'malo ambiri mkazi wapakati analetsedwa mazira, poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Motero anamanidwa cakudya comanga thupi pa nthawi yomwe anacisowa koposa. Mcombo unadulidwa ndi bango kapena mpeni wosaphika, napakapo phulusa kapena zina. Ndipo ana ambiri anafa ndi kafumbata asanathe masabata awiri, anthu namaganiza za mfiti. Kubala kukacedwa, akazi akuru anaumiriza wodwalayo kuulula amuna amene anacimwa nao, poyesa kuti cigololo ndico catseka njira. Koma kawirikawiri cifukwa cace cinali cakuti mwana anagona mopingasa, kapena kuti mafupa a m'cuuno mwa mai anali opapatiza, popeza iye anali wamng'ono msinkhu, kapena anapinimbira ndi njala pa ubwana wace. Ndipo panali mankhwala ofulumizitsa kubala, amene kufikira lero achedwa mwanamphepo. Za iwo tidzanena m'tsogolomo.

KUFIKA KWA CIPATALA

M'caka ca 1876 Henry Henderson, pamodzi ndi womasulira wace Tom Bokwito, anasankha malo a mishoni m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo m'gulu loyamba la amishoni a ku Scotland munali dotolo, dzina lace Macklin. Tisaganize kuti Azungu a masiku amenewo anadza ndi nzeru yokwanira ai. Iwo sanadziwe kuti malungo adza ndi udzudzu, pakuti ici cinadziwika m'zaka za 1897 ndi 1898. Mau akuti vitamini anali asanamveke. Ndipo akazi ao ndi ana ao anafanso monga athu. M'caka ca 1891 nthenda ya pakhosi inapha mwana wa Henderson, ndi mkazi wace, ndi mlongo wace wa mkaziyo, Dotolo John Bowie, amene anayamwa zoipa za pakhosi pa mwanayo ndi pakamwa pace pofuna kumpulumutsa. M'caka ca 1896 anafika Dotolo Neil Macvicar, amene anayendetsa cipatala ca mishoni, naphunzitsa anyamata a dziko lino nchito ya mankhwala. Mmodzi wa iwo anali John Gray Kufa. Pambuyo pace Macvicar anapita ku Lovedale, ku South Africa, ndipo kumeneko anaphunzira Cecilia Makiwane, amene m'caka ca 1908 anakhala mkazi wakuda woyamba kulembedwa m'buku la anamwino a dziko lija.

Amuna anafulumira kupita ku cipatala ndi zironda ndi mabala ao, koma akazi apakati anacedwa zaka zambiri. Cifukwa cace sicibvuta kucimva: kubala kunali cinsinsi ca akazi, ndipo kunali kwamanyazi kuti mwamuna, ndiponso mlendo, alowe m'nkhani imeneyo. Anatengera mkazi ku cipatala pokhapo zinthu zitafika poipa. Akafera komweko, mbiri inabuka kuti cipatala cipha. Zinthu zinayamba kusintha pamene akazi anzao anaphunzira uzamba. M'caka ca 1929 Boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi anapita ndi akazi ao. Ndipo akaziwo anaphunzira za ukhondo, za kaphikidwe ndi za kulera ana, kuti pobwerera akaphunzitse anzao m'midzi.

PHUNZIRO LA KOMBE

Tsono tipatuke pang'ono, tione nkhani ya mtengo umodzi wa kwathu kuno, pakuti iunikira mlandu wonse. Alenje a Amang'anja anapaka mibvi yao ulembe wocokera ku nthanga za kombe, ndipo nyama yolaswa nao inagwa msanga. John Kirk, dotolo amene anayenda ndi Livingstone pa mtsinje wa Shire, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswaci wace. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, nazindikira kuti mtima wace unayamba kugunda pang'onopang'ono. Nthangazo zinatumizidwa ku Edinburgh, kumene Thomas Fraser anaziyesa zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1885 anaonetsa kuti kombe, akayesedwa muyeso waung'ono ndithu, ali mankhwala othandiza mtima wofoka. Pamenepo a Mandala anayamba kugula kombe kuno ndi kumtumiza ku Ulaya. Taonani, mtengo womwewo unapha nyama m'thengo, nuciritsa munthu m'cipatala. Cosiyanitsa cinali muyeso wokha. Kwinini nayenso acokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, ndipo mankhwala a malungo amene tilandira lero anayambira ku citsamba ca ku China. Cotero sikuli koona kunena kuti cipatala cidana ndi mitengo. Ndiponso sikuli koona kunena kuti cinthu ca cilengedwe sicingaphe.

Azungu naonso anali ndi mwanamphepo wao. Azamba a ku Ulaya anapatsa akazi ufa wa cuku cakuda comera pa ngala za mbeu yonga tirigu, dzina lace ergot, kuti kubala kufulumire. M'caka ca 1808 dotolo wa ku America, John Stearns, anautama ufawo m'kalata, ndipo madotolo ambiri anayamba kuupatsa. Koma posacedwa ana obadwa akufa anacuruka, kotero kuti dotolo wina, David Hosack, ananena kuti ufawo uyenera kuchedwa ufa wa imfa. Panapita zaka zoposa 100 kufikira m'caka ca 1935, pamene anzeru a ku London anapatula mphamvu yace yeniyeni, naiyesa muyeso; ndipo kuyambira pamenepo inakhala mankhwala oletsa kutaya mwazi mwana atabadwa kale, napulumutsa akazi osawerengeka.

Momwemo ndi mwanamphepo wathu. Bvuto lace siliri lakuti alibe mphamvu ai, koma kuti ali nayo, ndipo palibe adziwa muyeso wace. Pakuti muzu wa m'dambo usiyana ndi wa paphiri, ndi mphika wa lero usiyana ndi wa dzulo. Cibaliro cikafinyidwa kolimba njira isanatseguke, mwana asowa mpweya, ndipo cibaliro comwe cikhoza kung'ambika. Pa kufufuza kumene kunacitika ku Mchinji, kumene mau ace anasindikizidwa m'caka ca 2018, anapeza kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa anai ali onse anamwa mwanamphepo, ndi kuti mabvuto a mai ndi a mwana anacuruka pakati pa iwo amene anamwa koposa pakati pa iwo amene sanamwe.

MMENE NSIMA INAYERERA NDI NDIWO ZINACEPERA

Pamene Blantyre ndi Limbe inakula, ndipo njanje inafika m'caka ca 1908, makhalidwe a kudya anasinthika. Minda yambiri ya ku mapiri ano inagwa m'manja mwa Azungu. Anthu anagwira thangata m'miyezi yomwe anayenera kulima kwao. Amuna anapita ku Salisbury ndi ku Johannesburg kukafuna ndalama ya msonkho, nasiya khasu m'manja mwa mkazi, ngakhale ali ndi pakati. Mapira ndi mawere anacepa, cimanga cinalowa ponse. Ndipo anthu anakonda ufa woyera, wokonola ndi kubviika masiku angapo, nayesa mgaiwa cakudya ca akaidi ndi ana a sukulu; osadziwa kuti pokonola ndi pobviika mafuta ndi mavitamini ambiri a cimanga apita ndi madeya ndi madzi, kotero kuti nkhuku ndi nkhumba zilandira gawo labwino, mwini munda natsala ndi loyera lokha.

M'zaka za 1938 ndi 1939 Boma linatumiza gulu la anzeru, mtsogoleri wao Dotolo B. S. Platt, kukakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, ndi kuyesa pa sikelo cakudya ciri conse cimene anthu anadya. Iwo anaona kuti njala iluma koposa m'miyezi ya mvula, pamene nkhokwe zatha ndipo nchito ya kumunda yakula. Nkhondo yaikuru inadodometsa nchitoyo, ndipo zolemba zao zinasindikizidwa m'caka ca 1992. Koma mmodzi wa iwo, Jessie Williamson, anapitirira kufunsa akazi a m'midzi maina a masamba ndi kaphikidwe kace, ndipo m'caka ca 1955 anaturutsa buku la zomera zothandiza za dziko lino. Ticiyese cinthu cacikuru kuti wophunzira wa ku Ulaya anakhala pansi kuphunzira kwa agogo athu za bonongwe ndi cisoso, zimene adzukulu ao ena lero azicita nazo manyazi.

Nzeru ina inacokera ku India. Dotolo wamkazi, Lucy Wills, anaona kuti akazi apakati aumphawi a ku Bombay anali kufa ndi kucepa kwa mwazi. Ndipo m'caka ca 1931 anaonetsa kuti anacira podya Marmite, cakudya copangidwa ndi yisiti. M'caka ca 1941 ena anapatula cinthu cociritsaco m'masamba obiriwira, nacicha folic acid, kucokera ku liu la Cilatini lotanthauza tsamba. Ndipo m'caka ca 1991 kunatsimikizidwa kuti cinthu comweco cicepetsa kwambiri kubadwa kwa ana a msana wotseguka. Popeza msana wa mwana utsekeka m'mwezi woyamba, pamene mai kawirikawiri sanadziwe kuti ali ndi pakati, nkofunika kuti mtsikana ndi mkazi ali yense adye masamba ndi nyemba masiku onse, osadikira kuti pathupi paoneke.

Akuru a kuno akumbukira njala ya 1949, pamene mvula inakana, ndipo boma la Blantyre, makamaka dera la Lunzu, linasautsidwa koopsa. Wolemba mbiri Megan Vaughan, m'buku lace la 1987, anasonkhanitsa mau ndi nyimbo za pamtondo za akazi amene anaiona njalayo. Ndipo cimene iwo anacikumbukira koposa ndi ici, cakuti amuna ambiri anacoka kunka kwao kapena kukafuna cakudya, osabweranso, nawasiya ndi ana. Apa mbiri itiphunzitsa kuti njala ya mkazi wapakati siyamba m'munda mokha, koma iyambanso m'nyumba, pa kagawidwe ka cakudya ndi pa kukhulupirika kwa mwamuna.

ZAKA ZA CIPATALA CACIKURU

M'caka ca 1958 cipatala ca Queen Elizabeth cinatsegulidwa, ndipo pambuyo pace cinalandira nyumba ya amai ya Gogo Chatinkha. M'caka ca 1991 sukulu ya madotolo inayamba pafupi pomwepo. Ndipo zipatala zazing'ono zinamangidwa ku Limbe, ku Zingwangwa, ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. M'zaka za m'ma 1970 Boma linayamba kuphunzitsa azamba a m'midzi za ukhondo, koma imfa sizinatsike. Pakuti mzamba, ngakhale asambe m'manja bwino lomwe, sangathe kuika mwazi m'thupi la mkazi wotaya mwazi, kapena kucita opareshoni pamene mwana wapingasa. Kuwerenga kwa caka ca 2000 kunaonetsa kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amai 1,120 anafa. M'caka ca 2007 Boma linaletsa azamba kubereketsa. M'caka ca 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika analankhula zowacotsera ciletsoco. Ndipo m'caka ca 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaitana mafumu, pakati pao Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu, kuti atsogolere nchito ya ucembere wabwino, namangitsa nyumba za cidikiro pafupi ndi zipatala. M'caka ca 1992 ana 55 mwa 100 ali onse anabadwira ku cipatala. Pa kuwerenga kwa 2015 ndi 2016 anali 91, ndipo imfa za amai zinatsika kufika 439.

Dziko lathu linatsogoleranso maiko ena pa zinthu ziwiri. M'caka ca 1993 linayamba kupatsa amai apakati mankhwala a Fansidar kusikelo, ngakhale asadwale, cifukwa malungo abisala m'nsapo, nadya mwazi wa mai, nacepetsa mwana. M'caka ca 2011 linalamula kuti mkazi ali yense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi kacirombo ka HIV ayambe mankhwala a moyo wace wonse, ndipo ana ambirimbiri anabadwa opanda kaciromboko. Palibe muzu kapena tsamba limene linacita zotere. Komanso cipatala cinaphunzira kubwerera ku cifuwa ca mai: njira ya kufungatira mwana wobadwa masiku osakwana pakhungu pa amace, imene inayamba ku Bogotá m'caka ca 1978, inafikanso m'zipatala zathu, ndipo yapulumutsa ana ambiri popanda makina.

Koma tisabise kuti zotsala nzambiri. Kuwerenga komweko kwa 2015 ndi 2016 kunapeza kuti amai apakati 45 mwa 100 ali onse anali ocepa mwazi. Ndipo m'zipatala zina anamwino acepa, odwala acuruka, ndi mkazi amene kwao akadagwiridwa dzanja ndi amace agona yekha, nalandira nthawi zina mau okalipa. Ici ndico cimodzi ca zifukwa zimene akazi abwererabe kwa ogulitsa zitsamba, pakuti iwo ali nayo nthawi ya kumvera ndi kulankhula mokoma.

ZA CILENGEDWE ZA MASIKU ANO

Ciphunzitso cimene Azungu acichula naturopathy sicinacokere kwa makolo athu ai. Cinabukitsidwa ku New York ca m'ma 1901 ndi Benedict Lust, wophunzira wa wansembe wa ku Germany, Sebastian Kneipp, amene anaciritsa ndi madzi ozizira ndi zitsamba. Pa kunena kuti munthu adye zakudya zosakonola, masamba ndi zipatso, apume mokwanira, ayende, akhale ndi mtima wamtendere, ciphunzitsoci cinena zoona, ndipo agogo athu anazidziwa kale. Koma pamene wina anena kuti botolo lace litsuka cibaliro, kapena licotsa kufunika kwa sikelo, kapena lilowa m'malo mwa mankhwala a HIV, ameneyo agulitsa ufa wa Stearns m'cobvala catsopano. Masamba a cam'mwamba ali ndiwo yabwino, koma mizu ndi makungwa ace sayenera mkazi wapakati. Nimu ndi madzi owawa a aloe comweco. Ndipo ufa wa masamba wa m'botolo la mtengo wapatali suposa bonongwe womera kuseri kwa nyumba.

Nanga tsono tisunge ciani, titaye ciani? Alangizi a zaumoyo agawa zakudya m'magulu 6: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo mkazi wapakati ayenera kulawa gulu liri lonse tsiku ndi tsiku, ndi kuonjeza kakudya kena pakati pa nsima ya masana ndi ya madzulo. Izi sizifuna cuma cambiri. Nsima ikhale ya mgaiwa. Usipa ndi matemba adyedwe ndi mitu ndi minga yomwe, pakuti m'menemo muli zolimbitsa mafupa. Dzira lisaletsedwe, popeza silicotsa tsitsi la mwana ali yense. Masamba asaphikidwe nthawi yaitali, ndipo cidulo kapena soda zicepe, cifukwa ziononga mavitamini. Gwafa, papaya lakupsa, bwemba kapena malambe zikadyedwa pamodzi ndi nsima zithandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Koma tiyi aletsa, cotero amwedwe patapita ora limodzi kapena awiri. Mcere ukhale wa ayodini, umene ukuza nzeru za mwana ndi kuletsa cithokomiro. Mowa ndi kacasu zisalawidwe konse. Ndipo mkazi amene alakalaka dothi lija ligulitsidwa m'misika akayezetse mwazi, pakuti cilakolako cimeneco kawirikawiri ciyenda pamodzi ndi kucepa kwa mwazi, ndipo dothilo likhoza kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba.

Pamwamba pa cakudya, mkazi ayambe sikelo m'miyezi 3 yoyamba, osabisa pathupi poopa anthu. Pakuti kuyambira caka ca 2016 bungwe la zaumoyo la dziko lonse lilangiza kuti aonane ndi anamwino kasanu ndi katatu asanabale. Amwe mapiritsi oonjezera mwazi masiku onse, ngakhale adetsa cimbudzi, agone m'neti, alandire katemera wa kafumbata. Ndipo zizindikiro izi zikaoneka, pasakhale kuitana bwalo kapena kufulula mizu, koma ulendo wa ku cipatala uyambe pomwepo: kutaya mwazi, mutu waukuru ndi cizumbazumba m'maso, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, mwana kuleka kugunda, ndi zowawa za kubala zopitirira maora 12. Ngati wamwa kale mankhwala a kumudzi, anene poyera kwa namwino, pakuti kubisa kumeneko kwaphetsa ambiri.

Otsiriza mau athu apite kwa iwo ozungulira mkaziyo. Inu amuna, kumbukirani caka ca 1949. Nthuli yaikuru ya ndiwo isapite nthawi zonse ku mbale ya bambo, ndipo ndalama ya galimoto isungidwe mwezi wace usanafike. Inu apongozi ndi agogo, ulemu wanu ngwaukuru, ndipo mtsikana adzamwa cimene inu mumpatsa. Cifukwa cace mpatseni thobwa ndi phala la nsinjiro, koma mphika wa mwanamphepo muufulatitse. Inu amai a Mvano ndi a magulu ena a m'mipingo, nchito ya anamkungwi yagwera inu, makamaka m'tauni muno mmene mtsikana akhala m'nyumba ya lendi kutali ndi amace. Mcezereni, mperekezeni kusikelo, mtungireni madzi masiku a cikuta. Makolo anatisiyira ndiwo za m'munda ndi manja a abale. Cipatala catipatsa muyeso, katemera ndi mwazi wa m'botolo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsono tisamane amace gawo liri lonse la zabwino ziwirizi.